Mchere Utathawa M'thamanda

Amayi otola nkhono ankamutchula kuti Amayi a Mabotolo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, Lachiwiri lililonse m'mawa, ankakwera bwato la Madala n'kukatunga madzi m'thamanda lalikulu limene mtsinje umapumiramo usanalowe m'nyanja ya mchere. Akabwerera ku labu, kachipinda ka zenera limodzi kuseri kwa ofesi ya zausodzi, ankadonthetsa madziwo pakagalasi n'kusuzumira pa maikulosikopu. Mmenemo munali tamoyo tosaoneka ndi maso: tina ngati tisingano, tina tozungulira ngati timbale, tina todzandira ngati taledzera. Timeneti ndi tomwe nkhono ndi tiana ta nsomba timadya. Iye ankatidziwa kuposa anthu a mumsewu wake.

Mnzake wa pantchito anali atasamutsidwa kalekale, ndipo mpando wake unkangosenza makatoni. Mwana mmodzi yekhayo wa Amayi a Mabotolo anakwatiwa kutali.

Chaka chimenecho mvula inagwa kumapiri masiku asanu ndi limodzi osakata. Mtsinje unasefukira, unakokolola minda, makola ndi zimbudzi, n'kukhuthulira zonsezo m'thamanda. Madzi anasanduka ngati tiyi wamkaka.

Ali pakati pa thamanda, Madala anaviika chala n'kulawa.

"Mchere wathawa, mayi. Awa ndi madzi a pachitsime."

"Lavulani, bambo! Musalawenso."

"Ine ndamwapo zoipa kuposa izi," anatero akuseka, koma analavula.

Ku labu Amayi a Mabotolo anapeza tisingano tija titangotsala zigoba. Madzi opanda mchere anali atatitupitsa mpaka kuphulika. M'malo mwake munadzaza tizilombo ta m'zimbudzi ndi tina todya zowola, tomwe tinkamaliza mpweya wa m'madzi. Patapita masiku atatu, nsomba zinayamba kuyandama, mimba zili m'mwamba.

Anaimbira abwana ake a kulikulu. "Lembani lipoti, mutumize," anatero abwanawo, n'kudula. Lipotilo analemba, koma anakhomanso chikwangwani choletsa kutola nkhono, ndipo anapita yekha kukawauza amayi aja padoko.

"Nkhono zimasefa madzi awa. Uve wonse uli m'mimba mwawo. Mukadya kapena kugulitsa, anthu atsegula m'mimba."

"Mpaka liti?" anafunsa mayi wamkulu pagululo.

"Sindikudziwa, amayi."

"Zaka zonsezi mukutunga madzi, lero simukudziwa? Tizilombo tanuto mumationa nokha. Ife tikuona njala."

Kuyambira tsiku limenelo moni unatha. Akamadutsa padoko, macheza ankazima ngati moto wothiridwa madzi. Wogulitsa buledi pakona, yemwe mkazi wake ankatola nawo nkhono, ankangomuikira buledi patebulo osamuyang'ana.

Lamulungu masana mwana wake anaimba foni.

"Amayi, bwerani kuno mudzapume. Mukulondera matope?"

"Tafa tonse, mwanawe."

"Mwati chiyani? Ndani wafa?"

"Tamoyo ta m'thamanda. Sipanatsale n'kamodzi komwe."

"Iii, amayi inu, mwandidula mtima! Ndimayesa anthu. Tadikirani, mwana akulira."

Anadikira foni ili pakhutu mpaka inadzidula yokha.

Anayamba kutunga madzi tsiku lililonse. Madala ankapalasa mwakachetechete, poti nawonso anzawo ankawanyogodola kuti akupalasira mdani. Sabata yachisanu ndi chiwiri, mafunde aakulu anaboola mchenga umene chigumula chinaunjika kukamwa kwa thamanda, ndipo madzi a mchere anayambanso kulowa. M'mawa wina, pakati pa zigoba zakufa, anaona kamodzi kakuyenda pang'onopang'ono. Anasuntha kagalasi. Tinali titatu.

"Tabwerani mudzaone!" anafuula, ataimirira. Panja panali nkhuku yokha, ikupalasa pakhomo.

Anadikirabe masabata ena awiri mpaka tizilombo ta m'zimbudzi titachepa, kenako anatenga hamala n'kukazula chikwangwani chija. Amayi aja anamudutsa mmodzimmodzi ndi madengu awo, maso ali kumadzi. Mayi wamkulu uja yekha ndiye anaima.

"Mwana wa mlamu wanga sanamvere. Anatola mobisa, nadya. Wagona m'chipatala masiku anayi."

Anangonena zomwezo, napitirira. Amayi a Mabotolo anafuna kufunsa ngati mwanayo wachira, koma mayiyo anali atalowa kale m'madzi mpaka m'chiuno. Anaika misomali m'thumba, nasenza chikwangwani, n'kuyamba kukwera mtunda.