Mphika Wothina

Dokotala wa maso sanazungulire. Anati shuga wadya mitsempha ya kumbuyo kwa diso ndipo palibe mankhwala kapena mpeni umene ungaibwezere. Lamanzere linali litapita kale. Lamanja anati mwina lindiperekeza chaka chimodzi. Ankalankhula akuyang'ana mwana wanga, osati ine, ngati makaniko akuuza mwini galimoto kuti injini yatha.

Tili m'basi pobwerera, mwana wanga anandifunsa ngati pali kumene ndikufuna kukaona maso asanatseke. Ndinati palibe. Anthu ndawaona okwanira. Chimene ndinkafuna chinali pa sitepe ya chipinda changa, mumphika wadothi womangidwa ndi waya. Ndinkafuna kuona duwa langa litamasula kamodzi kokha, kenako mdima ubwere.

Dzina lake ndi agapanthasi. Ndinagwira ntchito ya m'gadeni panyumba imodzi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo dzinali anandiphunzitsa ndi mayi a panyumbapo. Ulipo mtundu wautali wofika m'chiuno, koma langa ndi la mtundu waufupi, masamba ake ang'onoang'ono osafika m'bondo. Nyumba ija itagulitsidwa, mwini watsopano anathira simenti gadeni yonse kuti aziimikapo magalimoto. Tsiku limene anandiuza kuti ndisabwerenso, ndinatola chitsa chimodzi cha duwali pa mulu wa zinyalala. Ndicho chokha chimene ndinachoka nacho.

Duwa limeneli lili ndi khalidwe lake. Limafuna kuthinidwa. Mizu yake ndi yoyera, yonenepa ngati zala, ndipo ikadzaza mumphika mpaka kusowa kolowera, m'pamene limatulutsa mapesi aatali, kumutu kwake kuli mpira wa timaluwa tabuluu. Ukalipatsa malo ambiri ndi manyowa limangonenepa masamba, maluwa osaoneka zaka ziwiri kapena zitatu. Malemu mkazi wanga ankati, "Duwa lanuli lili ngati achimwene anu aja, likakhuta silikumbuka ntchito."

Chaka chapitacho linatulutsa mapesi asanu ndi awiri, mizu n'kung'ambula mphika. Ndinaumanga ndi waya, ndikudziwa kuti chaka chino litulutsa kuposa pamenepo.

Ndimakhala kuseri kwa nyumba ya mwana wanga, m'chipinda chimene kale ankasungamo makasu ndi njinga yakufa. Bwalo lake ndi laling'ono: simenti, mpopi, chingwe choyanikapo zovala, basi. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wangayo, duwalo ankalitchula kuti anyezi.

"Anyezi wanuyu, bambo, tidzadya liti?"

Ankaseka yekha. Ine sindinkaseka.

Patapita mwezi chichokereni kwa dokotala uja, bala limene shuga anandibweretsera kuphazi linakula ndipo anandigoneka m'chipatala sabata zitatu. Ndisanakwere galimoto ndinawaitana apongoziwo. Ndinati makapu awiri a madzi, kawiri pa sabata, musachite china chilichonse.

"Musadandaule, bambo. Mudzam'peza ali bwino kuposa mmene mwam'siyira."

Mawu amenewo ndikanayenera kuwaopa.

Tsiku lotuluka ndinalowa pageti ndikutsimphina, diso langa n'kupita pa sitepe. Mphika panalibe. Pafupi ndi mpopi panali diramu lodula pakati, lopaka penti yobiriwira, lodzaza dothi lakuda lonunkha zitosi za nkhuku. M'katimo munali timitolo tinayi ta masamba, kalikonse pakokha ngati anthu okangana. Mpongozi anaima pambali akumwetulira, akupukuta manja.

"Mphika wanga uli kuti?"

"Unali wosweka, bambo. Mizu inachita kutulukira m'ming'alu, mpaka chisoni kundigwira. Ndinachita kuuphwanya ndi hamala kuti atuluke. Ndadula panayi, tsopano muli ndi anayi!"

"Mwadula ndi chiyani?"

"Ndi mpeni wa buledi. Koma ndiye ndi wolimba, matuza awa."

"Ndinati madzi okha."

"Eya, munatero. Koma munthu ungaone chinthu chikuvutika n'kungodutsa? Manyowawa ndinachita kukapempha kwa amayi oweta nkhuku aja."

Mwana wanga anatsitsa chikwama changa n'kunena kuti, "Athokozeni, bambo. Anagwira tsiku lonse."

Ndinawafotokozera zonse, za mizu, za kuthina, za zaka ziwiri kapena zitatu. Mwana wanga anakanda m'mutu.

"Ndiye kuti silinafe. Lidzamasula chaka china."

"Chaka chinacho ndidzaliona ndi chiyani? Ndi chigongono?"

Mpongozi analowa m'nyumba. Mwana wanga akuti mkazi wakeyo analira mpaka chakudya chinapserera. Kaya. Kulira sikuvuta. Ine maganizo anga ndi akuti mphika wa waya uja unkamuchititsa manyazi anzake akabwera kudzacheza, ndipo ankangodikira kuti ndichoke. Diramu lopaka penti limaoneka bwino kwa alendo.

M'mawa mwake ndinazula kamtolo kamodzi, kamene kanali ndi mizu yambiri. Ndinatenga chitini cha penti, ndinachiboola pansi ndi msomali, n'kusakaniza dothi ndi mchenga ndi kaphulusa pang'ono. Ndinapanikiza mizu ija mmenemo mpaka chala kusowa polowa. Ndinkadziwa kuti chitsa chodulidwa chimayamba chapola kaye chisanaganize za maluwa, koma munthu ukhala pansi n'kumatani? Dzuwa likakhala pa sitepe ndinkaika chitinicho pa sitepe. Likapita kukhoma la kugeti ndinkachinyamula n'kulitsatira. Tsiku lililonse ndinkagwada, n'kulowetsa chala pakati pa masamba, pamene pamatulukira phesi, kufunafuna kamutu kolimba. Chala chinkangopeza masamba.

Diso nalo silinkadikira. Chinayamba kusowa ndi chingwe cha zovala, zovalazo zinkangokhala ngati zalenjekeka m'malere. Kenako nkhope. Mwana wanga ndinkamudziwira makiyi olira m'thumba, mpongozi ndinkamudziwira masilipasi.

Nyengo yomasula itafika, mwana wanga anabwera ndi nzeru.

"Bambo, pa hotela ina m'tauni ndaona ofanana ndi anuwo, ambirimbiri, amasula onse. Ndikutengereni Lamlungu mukaone."

"Mkazi wako akadwala umapita kukayang'ana wa mnzako?"

Anachoka akung'ung'udza kuti ukalamba wandilowa m'mutu.

Sabata yapitayi, m'mawa ndisanavale nsapato, mpongozi anagogoda.

"Bambo, tatulukani mudzaone."

Ndinatuluka ndikugwira khoma. Chitini chinali pa sitepe pamene ndinachisiya. Pamwamba pa masamba panali chinthu chabuluu, chozungulira, chikugwedezeka ndi mphepo.

Ndinakhala pansi. Dzulo lake lomwelo chala changa sichinapeze kanthu, ndipo phesi limatenga masabata kuti likule n'kumasula. Zimenezi ndimazidziwa kuposa dzina langa. Koma m'mawa umenewo sindinafune kuzidziwa. Ndinayang'ana, ndinayang'anabe, misozi ikutuluka ngakhale m'diso lakufa lija. Ndinakumbuka mkazi wanga atakhala pa sitepe ina, akuwerenga mapesi mokweza kuti andinyoze kuti ndimakonda duwa kuposa iye.

Kenako dzanja linapita lokha.

"Musaligwire, bambo, lingathothoke!"

Ndinali nditagwira kale. Phesi linali lozizira, waya wokutidwa ndi pulasitiki. Timaluwato tinali ta nsalu, tonunkha fumbi la m'sitolo. Ndinatsetsereka ndi chala kutsika phesilo mpaka pansi. Kuti liime mowongoka, analibaya pakatikati penipeni pa chitsa, pamtima, pamene pakanadzatulukira lenileni. Waya analowa mozama, ndipo pozungulira pake panali patayamba kutuluka madzi onanda.

Kumbuyo kwanga ndinamva masilipasi atasiya kuyenda. Makiyi analira kamodzi n'kukhala chete. Ndiye kuti mwana wanga nayenso analipo, anapangana.

"Lakongola eti, bambo?" anatero mpongozi.

Ndinali ndi zambiri pakamwa. Ndinkafuna kuwafunsa ngati wakhungu amafanso zala. Ndinkafuna kumuuza mpongozi kuti poyamba anadula ndi mpeni, tsopano wabaya ndi waya, kachitatu adzabwera ndi chiyani. Koma kuzula wayayo sikukanatseka bala. Ndipo kwa diso ngati langa, buluu wa nsalu ndi buluu wa duwa n'chimodzimodzi.

"Labuluu," ndinatero.

Mpongozi anaomba m'manja. Mwana wanga anapumira m'mwamba, n'kupita kuntchito.

Lilipobe m'chitinimo. Ndimathira makapu awiri, kawiri pa sabata. Masamba a pakati ayamba kufewa, dzulo awiri anatsalira m'manja mwanga, akununkha chivundi. Timitolo titatu ta m'diramu tija tanenepa, masamba okhaokha, mpongozi amatithirira madzi otsukira mbale. M'mawa uliwonse akamadutsa ndi ndowa amaima pa sitepe n'kunena kuti duwa lanu lakongola lero, bambo, ine n'kuvomera kuti eya.

Lero ndinasendeza nkhope mpaka nsalu ija kundigunda pamphuno. Buluu uja wayamba kutuwa.