Chikwama Chachisanu ndi Chiwiri

Chizuru anayesanso kachitatu. Anatenga mfuti yaing'ono pa zonse n'kuikankhira m'chikwama chachikopacho. Inalowa theka n'kukakamira.

Pamkeka panali mfuti zam'manja zisanu ndi imodzi, zonse zoseweretsa, zoponya timikanda ta pulasitiki, ngakhale kuti zinkalemera ngati zenizeni. Zikwama zake zovala palamba zinali zisanu ndi ziwiri. Chilichonse chinaumbidwa motsata thupi la mfuti yake, moti yoyenera ikalowa inkalira kuti kha, ndipo ngakhale uzondotse sinkagwa. Zisanu ndi chimodzi zinali zitapeza eni ake. Chotsalacho chinali chofiirira, chosokedwa pamanja, chopanda kachitsulo n'kamodzi komwe, ndipo chivindikiro chake chinali chitasalala ndi kugwiragwira.

Linali Lachinayi, pa 16 Novembala, nthawi itangopitirira 8 koloko m'mawa. Bambo ake, a Shigeharu Kuramochi, a zaka 71, anagwa Lamulungu pa 12 kubwalo la masewera ankhondo ku Inzai, komwe sabata iliyonse ankakathamangitsana ndi anzawo m'nkhalango. Anamwalira Lachiwiri kuchipatala osatsitsimuka. Thupi linali loti likawotchedwe Lachisanu, 11 koloko. Mkulu woyendetsa maliro anali atanena momveka: m'bokosi mungathe kuikamo chinthu chimene malemu ankachikonda, koma chikhale chotha kupsa. Chitsulo ayi, pulasitiki ayi. Mfuti zonse zija zinagwa pamenepo. Chimene chikanaloledwa chinali chikwama chachikopa chokhachi, ndipo Chizuru, amene ankagwira ntchito yoyeza magazi ku Mito ndipo sankalemba dzina pabotolo asanatsimikize, ankafuna kudziwa kaye kuti chinali cha mfuti iti.

"Zidolezo sunathane nazobe?"

Anali azakhali ake a Tokiko, mlongo wamkulu wa malemu, atanyamula tiyi. Ataona chikwamacho anaika kapu pansi mwakachetechete.

"Chimenechi mfuti yake ili kuti?"

"Palibe ikukwana, azakhali."

Azakhaliwo anakhala pansi, n'kulowetsa zala ziwiri m'chikwamamo ngati akuyeza kuya kwa bala.

"Agogo ako pochokera kunkhondo mu 1946 anabwera ndi kamfuti. Kakang'ono, kamakona. Ndinakaona kamodzi ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, katakulungidwa m'nsanza yamafuta. Pambuyo pake ankati anakaponya mumtsinje wa Tone."

"Ndiye kuti kali mumtsinje."

"Ine sindinawaone akuponya. Ndipo nyumba yakale ija anagumula ndi Shigeharu mu 1989. Kudenga sanalole munthu kukwera, anakwerako yekha."

M'dziko muno kungopezeka ndi mfuti yeniyeni yam'manja ndi ndende, zimenezo Chizuru ankadziwa. Koma chimene chinamuopsa kwambiri chinali china. Zikwama ziwiri, chachikopachi ndi china, anazitulutsa m'chola chimene bambo ake anapita nacho kubwalo Lamulungu. Cholacho anzawo anabweretsa Lolemba, ndipo chinagona pakhonde lam'mwamba, pafupi ndi khomo la chipinda cha Kohei, mlongo wake wa Chizuru. M'mawa umenewu, kusanache, anachipeza chili chotsegula, chitseko cha Kohei chili chotseka monga mwa masiku onse.

Anadzuka n'kukwera masitepe.

Kohei anali ndi zaka 38. Chichotsedwere ntchito mu 2017 sanatulukepo m'nyumbamo. Mayi awo anali atamwalira kale, choncho ndi bambo okha amene ankamuikira chakudya pakhomo, iye n'kumatsika kukasamba pokhapokha pansi pakakhala zii. Chizuru anali atatha zaka zitatu osaona nkhope yake. Tsopano chitseko chinali chotsegula mpaka kukhoma. Zofunda zinali zopindidwa bwinobwino, ngodya ndi ngodya. Pakhomo lakunja, nsapato zamatope za bambo awo panalibe. Chizuru anabwerera pamene panali azakhali ake.

"Dzulo munalankhula mokweza, azakhali."

"Ndinanena bodza? Nyumbayi igulitsidwa, iwe uli ndi banja lako ku Mito, ine ndine nkhalamba. Ndinangofunsa kuti wam'mwambayo amudyetsa ndani."

"Munati bambo anafa ndi kutopa naye."

Azakhaliwo anayang'ana kudenga. Matabwa ake anali opyapyala, munthu akatsokomola pansi ankamveka m'mwamba.

"Imba kupolisi," anatero motsitsa mawu.

Chizuru anaona m'maganizo mwake magalimoto, zishango, ndi mawu a pachimkuzamawu akuitana munthu amene ankanjenjemera ndi belu la pakhomo. Anakulunga chikwamacho m'kansalu n'kutuluka.

Sitolo ya a Ebihara inali kuseri kwa siteshoni. Iwowa anali mnzawo wa bambo ake kwa zaka makumi awiri, dalaivala wa basi wopuma, amene tsopano ankagulitsa ndi kukonza mfuti zoseweretsa. Anali atavala kale malaya oyera a pamaliro, apuloni pamwamba.

"Mwana wa Mkulu wa Asilikali," anatero akuwerama, kutchula dzina limene anzawo ankawaitanira bambo ake kubwalo kuja. "Pepani kwambiri. Nkhalamba ija inkathamanga ngati fulu, koma kubisala kokha, palibe ankaipeza."

Chizuru anafutukula kansalu kaja patebulo.

"Ndiuzeni mfuti imene imakwana umu."

A Ebihara anavala magalasi. Anatenga mfuti imodzi pakhoma, yakana. Anatenga ina, inalowa koma inkagwedera. Anayesa zisanu ndi zinayi, kenako anatenga kachingwe koyezera.

"Chikwama sichinama, mayi. Chikopa chimanyowetsedwa n'kuumbidwa pamfuti yeniyeniyo imene chidzasunge, ndiye chimakumbukira. Taonani, m'katimu ndi mwamakona, mpope wake ndi waufupi, masentimita asanu ndi anayi. Pa zoseweretsa zimene ndagulitsapo, palibe yotere."

"Nanga pa zosaseweretsa?"

Bamboyo anavula magalasi aja.

"Zakale zam'thumba zinkakhala zazing'ono chonchi. Koma Shige si munthu woti..."

"Munaionapo?"

"Ayi. Chikwamachi ankavala kumanzere Lamulungu lililonse, chotseka. Yomenyera nkhondo inali kumanja. Tinkamuseka kuti mmenemo amasungamo mano ake oikirira. Iye ankangoti, 'Ichi n'chobwereka, sindingakuonetseni.'"

"Chobwereka kwa yani?"

"Sananene. Tsiku limene anagwa ndine ndinamumasula lamba. Chivindikiro chinali chotsegula, m'kati mulibe kanthu. Ndinaganiza kuti mwina tsiku limenelo anaiwala." Anaima kaye. "Mayi, m'mawa uno, cha m'ma 6 koloko, wina anandiimbira pafoni ya Shige. Mawu ake osasa, ngati munthu wosazolowera kulankhula. Anafunsa malo enieni amene bambo anagwera. Ndinamuuza kuti pansi pa mkungudza waukulu, kuseri kwa mulu wachitatu wa matayala. Ndinayesa akufuna kukaikapo maluwa."

Chizuru anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndi Kohei. Wapita kukaifuna."

Anakwera kalole koyera ka a Ebihara nthawi ili 9:25. Ulendo wake unali wa mphindi makumi atatu, pakati pa minda ya mpunga yokololedwa. Chizuru anali atalemba kale manambala atatu apolisi pafoni, chala chili pamwamba pa batani. Pamaloboti aliwonse ankati ndiimbe, akadutsa ankati ndidikire.

"Chida cha zaka makumi asanu ndi atatu sichingalire," anatero a Ebihara.

"Mukutsimikiza?"

"Ayi."

Pakati pa sabata bwalolo linkakhala lotseka. Unyolo wa pachipata unali chikhalire, koma pamatope a m'mbali mwake panali mapazi atsopano a nsapato zimene Chizuru ankazidziwa. Anawerama kudutsa pansi pa ukonde wobiriwira. Nthaka yonse inali mbuu ndi timikanda toyera. Anadutsa mulu woyamba wa matayala, kenako wachiwiri.

"Inu tsalani pano," ananong'ona. "Akaona mlendo athawa, kapena..."

Anapitirira yekha.

Kohei anali atagwada pansi pa mkungudza, atafulatira. Tsitsi linali litafika m'mapewa, ndipo linali ndi imvi. Kuzungulira iye masamba anali atakankhidwira m'mbali, nthaka itapalidwa ndi manja malo aakulu ngati mkeka. Mutu unali wowerama, manja onse awiri ali pachifuwa, atafumbata kanthu kakuda.

"Kohei."

Mapewa ake anadzidzimuka, koma sanatembenuke.

"Ndine Chizuru. Ndili ndekha. Nyumba sigulitsidwa, wamva? Azakhali amangolankhula. Chimene wagwiracho ika pansi."

"Chanyowa," anatero.

"Ika pansi, chonde."

"Chagona panja masiku anayi, achemwali. Mvula inagwa Lachiwiri."

Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kutambasula manja. Chala cha Chizuru chinakhudza batani lija, koma sichinadine.

Inali mfuti yathabwa. Timatabwa tiwiri tolumikizidwa ndi zomatira, topakidwa inki yakuda imene inali itasuluka m'makona. Mpope wake unali waufupi, wosongoledwa ndi mpeni wosathwa. Pachogwirira panali zilembo zokhotakhota zozokotedwa ndi msomali: Kohei, kalasi 3, Juni 1994.

Chizuru anakhala pansi pamatope pomwepo ndi siketi yake yakuda. Foni inagwera m'masamba.

"Ndi imeneyi?"

"Ndinapanga kusukulu. Inali m'bokosi la zinthu zanga." Kohei ankalankhula akuyang'ana pansi, liwu limodzilimodzi. "Chaka choyamba chija ankagogoda n'kumandifunsa ngati ndadya, ngati ndikudwala, ngati ndikufuna dokotala. Sindinkayankha. Ndiye Lamulungu lina anagogoda kawiri n'kuti, 'A Kaputeni, adani achuluka, tibwerekeniko chida chanu chija.' Ndinatsegula pang'ono n'kuchiika panja. Kuti angochoka."

"Kenako?"

"Madzulo anagogodanso kawiri. 'A Kaputeni, ndabweza. Sichinaphonye.' Sabata yotsatira chimodzimodzi. Akabweza ankakhala pakhonde n'kumanena za nkhondo yonse, amene wagwa m'dzenje, amene wanama kuti sanamenyedwe. Ine ndinkakhala kuseri kwa chitseko." Anapukuta thabwalo ndi malaya. "Masabata 291. Ndinkawerenga. Lamulungu lapitali sanabweze."

"Unkawayankha chiyani?"

"Palibe."

Chizuru anafutukula kansalu kaja n'kumupatsa chikwamacho. Kohei anachigwira kwa kanthawi, kenako analowetsa mfuti ija. Inatsetsereka mpaka pansi popanda kukankha, makona ake n'kukhala ndendende m'makona a chikopa. Anachizondotsa. Sinagwe.

"Anasoka okha," anatero. "Ndinkamva akuboola chikopa pansipo masiku atatu, akutukwana singano."

Kumbuyo kwawo kunamveka kuthyoka kwa kamtengo. A Ebihara anali ataima patali, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kumbali.

"Amenewo ndi a Ebihara," anatero Chizuru msanga. "Usaope."

"Ndikuwadziwa. Ndi amene amanama kuti sanamenyedwe."

"Shige ndiye wabodza," anayankha a Ebihara. "Kawiri kokha basi."

Lachisanu pa 17, nthawi ya 10:40, mkulu woyendetsa maliro anaitana abale kuti atsanzike bokosi lisanatsekedwe. Anali anthu khumi ndi anayi. Kohei anaima kumapeto, pafupi ndi khomo, atavala suti ya bambo ake imene inamufupikira m'manja. Thukuta linkatsika m'khosi mwake ngakhale kunali kozizira. Azakhali a Tokiko anaika maluwa awo, ndipo pobwerera anaima patsogolo pake n'kumuwongolera kolala.

Mkulu uja anatembenuza chikwamacho m'manja ovala magolovesi oyera, nasuzumira m'kati.

"Thabwa ndi chikopa. Mulibe msomali?"

"Mulibe," anatero Kohei. "Aphunzitsi sankalola misomali yokhomera."

Anayenda yekha mpaka pabokosi. Anakweza nsalu yoyera n'kuika chikwamacho m'chiuno mwa bambo ake, kumanzere, chivindikiro chili chotseka. Amuna awiri anaika chotsekera. Onse anayamba kusuntha kulowera kukhomo, koma Kohei anatsalira. Chizuru anamuona akupinda zala, n'kugogoda pathabwa kawiri.

"Tengani, bambo," anatero. "Musafulumire kubweza."