Zikhomo Zofiira pa Manda a Kukomboni

"Ababa, ndani amauuza msewu kuti apa khota?" Prudence anafunsa choncho ali wamng'ono, atakhala pamiyendo ya bambo ake m'kombi yopita ku Guruve. Bambo akewo, a Yesaya Kalimbuka, anaseka n'kunena kuti ndi iwo. Sananame. Moyo wawo wonse anali pulofesa pa yunivesite ku Harare, kuphunzitsa za misewu ndi milatho.

Atapuma pantchito anabwerera kufupi ndi Mutorashanga, papulazi pomwe anabadwira, napeza kamunda. Chaka chino kampani ina yokumba kromu inabwera kudzalambula msewu wa malole ake. Zikhomo zofiira zinatsika phiri molunjika, zinakhota bwinobwino pozemba manda a banja la mzungu wakale, omwe ali ndi ziliza ndi mpanda, kenaka zinaloweratu m'kathengo ka kuseri kwa komboni. M'menemo ndi momwe munagona mayi awo a Yesaya, a Anesi.

Anthu a kukomboni sankamanga ziliza. Ankati kuno n'kuntchito chabe, kwathu n'ku Malawi, tidzapita. Pamtumbira ankangosiya mbale yachitsulo kapena kubzala nkhadze.

A Yesaya anavala jekete napita kukaonana ndi injiniya wa msewuwo. Anali Edmore, wophunzira wawo wakale. Anawalandira ndi manja awiri, kuwapatsa mpando wake, iye n'kukhala pandowa. Anawamvetsera mpaka kumapeto. Ndiye anafotokoza, maso ali pansi, kuti pamapu palibe manda pamenepo, ndipo akuluakulu amavomera kukhotetsa msewu pokhapokha pali chiliza chooneka. A Yesaya anajambula pamchenga njira ina yolambalala. Edmore anati njirayo ndi yabwino, koma ikufunika mlatho, ndipo mlatho anaukana kale. Anati makatapila olambula msewu afika Lolemba.

Pobwerera a Yesaya anadzera kumanda a kukomboni kuja. Anapeza a Saturday, oyandikana nawo munda, akuponda udzu ndi nsapato, kufunafuna mitumbira ya ana awo awiri. Moto wa chaka ndi chaka unapsereza nkhadze, ng'ombe zinasalaza mitumbira, mbale zija anatola ogula zitsulo. A Yesaya anaima pamtengo wina, kenaka pa wina. Sanathe kunena kuti mayi ali pati.

"Ndiye a pulofesa, msewu wakukanani?" anatero a Saturday.

"Wandikana, achimwene."

Anakhala pachulu. A Yesaya anaganiza za misewu yonse yomwe ophunzira awo anamanga m'dziko muno, ndi tinkhalango tomwe iwo ankatidutsitsa pensulo pamapu.

A Saturday anakanda chibwano. Anati makasu ali nawo awiri, ngakhale limodzi mpini wake ndi wogwedera, koma malo oikapo anthu akawafukula alibe, munda wawo ndi mwala wokhawokha. A Yesaya anati kumtunda kwa munda wawo dothi n'lofewa.

"Mawa tiyambe," anatero a Saturday. "Yemwe tim'peze, osafunsa kuti ndi wa yani."

"Osafunsa," anayankha a Yesaya. "Akagona kwanga, ndipo ndidzalimirira manda ake ngati a mayi."