Tulo ta Bwana Woyendera

Dzina lakuti Tatseka anamupatsa ndi anthu akumwa, chifukwa ndiwo mawu amene ankawamva kwambiri pakamwa pake. Mowa ukangoyamba kukoma, nkhani zikangoyamba kupsa, mayiyu ankamenya kauntala ndi chotsekulira mabotolo n'kukuwa kuti, "Tatseka!" Sikuti ankakonda kutero ayi. Chiphaso cha bala yake ndicho chinkalamula, ndipo zinkamuwawa iye mwini kuposa wina aliyense. Basi ya anthu ogwira ntchito ku fakitale inkafika nthawi yomweyo imene iye ankakhoma loko. Anthu aludzu lawo ankangosuzumira pawindo la basi, n'kuona chitseko chotseka, n'kupitirira kukamwa kwina. Bala inali kufa iye akuona. Firiji imodzi anali atagulitsa kale, ndipo mwini nyumba anali atayamba kumabwera kudzayang'anayang'ana makoma ngati akusaka wina woti alowemo.

Choncho anakapempha ku khonsolo kuti azitseka mochedwerako. A khonsolo anati palibe vuto, bola pasapezeke woyandikana naye wodandaula za phokoso. Wodandaula anapezeka mmodzi yekha basi. Ndani? Achimwene ake enieni, bere limodzi, amene ankakhala kuseri kwa khoma la bala, amenenso ankadya chakudya chochokera m'khitchini mwa Tatseka yemweyo!

Bamboyu anagwira ntchito ya ulonda moyo wake wonse, moti ngakhale atapuma anthu ankangomutchabe Alonda. Chipumireni, nkhope inali yokwinya tsiku lililonse, maso ofiira psuu.

"Achimwene, zoona mwapita kukandinenera ndinu?" anafunsa Tatseka atawatengera tiyi m'mawa.

"Ine ndikufuna tulo, chemwali. Anzanga onse opuma ntchito amagona usiku. Ine ndikangoti ndigone, ndimamva mabotolo ako."

"Mabotolo ake ati, poti ndimatseka ana asanagone n'komwe?"

"Ndimawamvabe. Amatsalira m'khutumu."

Akanakhala mlendo bwenzi Tatseka atamutukwana mpaka kumusiya mbuu, koma munthu amene anakubereka kumsana uli khanda umamutani? Anatenga kapu yake n'kutuluka, mtima ukuwira.

Khonsolo inali ndi kamakina koyezera phokoso, koma kanafa kalekale ndipo panalibe amene anakonza. Ndiye akuluakulu anakonza njira yawoyawo, imene ankaiona kuti ndi yanzeru zedi. Bwana woyendera mabala azipita kunyumba kwa wodandaula, azigona pabedi la wodandaulayo, pambali pa mwini wake, bala ili yotsekula. Bwana akagona tulo, ndiye kuti phokoso palibe, chilolezo chiperekedwe. Akalephera kugona, pempho lakanidwa. Vuto linali limodzi lokha: antchito a khonsolo sagwira ntchito usiku. Choncho kalata inauza Tatseka kuti akonze usiku masana.

Mayiyu sanafune kuchita zamwayi. Sabata yonse anaphunzitsa makasitomala ake kumwa mwakachetechete. Botolo lililonse analiveka sokosi. Miyendo ya mipando anaikulunga nsanza. Patebulo la pulu anachotsapo mipira n'kuikapo matimati osapsa. Kasitomala wina, Makaniko, amene kuseka kwake kunkadzutsa agalu a tsidya lina, anauzidwa kuti azisekera m'chipewa. Mpira pa TV unkaoneredwa wopanda mawu, ndipo chigoli chikalowa, munthu ankaloledwa kukweza chala chimodzi. Ofuna kukangana ankangotong'olerana maso.

"Mayi, uku sikumwa mowa uku," anadandaula Makaniko. "Awa ndi maliro."

"Maliro enieni mudzawaona ndikatseka bala ino. Bwezerani mutu m'chipewamo."

Tsiku linafika. Dzuwa lili paliwombo, Tatseka anakhoma mabulangete m'mawindo onse, a bala ndi a nyumba ya achimwene ake, n'kuyatsa magetsi. Makasitomala anajomba kuntchito kudzakhala anthu a usiku. Bwana woyendera anatsika minibasi atavala jekete, tayi ndi kabaji ka khonsolo pachifuwa. Anali munthu woonda, waulemu, wooneka kuti wagonapo kale pa mabedi ambiri a anthu osawadziwa ndipo sanakondwerepo ndi limodzi lomwe.

Chipinda cha Alonda chinali chaching'ono: bedi la munthu mmodzi, mpando, ndi chijasi chakale cha ulonda chopachikidwa pamsomali, chositidwa bwinobwino. Bwana anavula nsapato n'kuziika pansi pa bedi moyandikana. Jekete analivula n'kulipinda, koma tayi anaisiya pakhosi, akuti ali pantchito.

"Bambo, inu mumagona mbali iti?"

"Kukhoma, bwana."

"Pepani, kukhoma ndi kwanga. Ndiko kuli phokoso."

Anagona chagada amuna awiri akuluakulu, mapewa atapanikizana, atafunda bulangete limodzi mpaka m'khosi. Tatseka, monga mwini pempho, anapatsidwa mpando pakhomo la chipinda kuti aone ndi maso ake.

"Usiku wayamba," analengeza bwana, n'kutsinzina.

Kuseri kwa khoma kunali zii. Anthu odzaza bala, koma ngakhale kutsokomola kokha osamveka. Tatseka anamva chimwemwe chikukwera pachifuwa. Ana abwino inu, anatero mumtima, lero aliyense ndimupatsa limodzi laulere.

Kenaka kunamveka chinthu. Chinayamba pansipansi ngati thirakitala imene ikukana kulira, n'kukwera, n'kukwera, mpaka kapu ya pawindo inayamba kunjenjemera. Tatseka anadzambatuka, akuganiza kuti ndi Makaniko. Ayi ndithu. Anali Alonda. Munthu amene analemba ku khonsolo kuti sagona, anali atagona mutu usanafike bwino papilo, kukamwa kuli pululu, mkonono ukuchita kugwedeza bedi. Nanga si anali masana? Thupi la mlonda limadziwa nthawi yake, ngakhale ukhome mabulangete angati.

Bwana anatembenukira kukhoma. Anatembenukira kwina. Anaphimba mutu ndi pilo. Alonda anaponya mwendo pamimba pa bwana, n'kuwakumbatira ngati mwana wawo. Tatseka anayesa kuwatsina chala chakuphazi achimwene akewo, koma bwana anatukula dzanja pansi pa bulangete.

"Mayi, musasokoneze umboni."

Anapirira bwana uja, anapirira, mpaka thukuta linanyowetsa tayi. Potsiriza anadzisolola m'manja mwa Alonda n'kukhala tsonga, tsitsi lili nyankhalala.

"Pepani mayi. Sindinagone."

"Koma bwana, bala ili chete! Mwamvapo botolo inu?"

"Sindinamve. Koma lamulo silifunsa chimene chandilepheretsa. Limangofunsa ngati ndagona."

Apa ndiye Tatseka zinamukwana. Sabata yonse ya kunong'ona inaphulika nthawi imodzi. Anakuwa mawu amene sindingawabwereze pano, okhudza khonsolo, mabedi ake, ndi kamakina kake kakufa. Makasitomala atamva kuti mwini bala yemwe akukuwa, anadziwa kuti maliro atha. Masokosi anavulidwa. Mawu a TV anakwezedwa mpaka kumapeto, ndipo mwatsoka chigoli chinalowa nthawi yomweyo. Makaniko anatulutsa kuseka konse kumene anasunga m'chipewa. Amene ankatong'olerana maso sabata yonse anayamba kugendana ndi matimati. Khoma linkachita kunjenjemera, pulasitala n'kumagwera pabulangete.

Alonda osatekeseka m'pang'ono pomwe. Anangomwetulira m'tulo n'kukoka bulangete lonse.

Tatseka anasiya kukuwa. Anawayang'ana achimwene akewo, ndipo mkwiyo unamuthera, m'malo mwake munalowa chisoni. Nkhope yokwinya ija inali itasalala. Anali asanawaone atagona chonchi chipumire ntchito. Anthu anawauza kuti wopuma ntchito amagona usiku, iwo n'kumadzikakamiza kukhala maso masana onse, usiku n'kumangoyang'ana kudenga okhaokha mumdima, kusowa choti alondere. Akanadandaulira ndani? Bala ndiyo inali pafupi.

Anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa bwana, amene anali kumanga zingwe za nsapato.

"Bwana, ndikachita apilo zimatha bwanji?"

"Timabwereza kuyeza."

"Bedi lake lomweli?"

"Lomweli."

"Wogonapo wake inu nomwe?"

Bwana anasiya chingwe. Anayang'ana Alonda, amene tsopano anali atayamba mkonono wa mtundu wina, wokhala ndi kamluzu kumapeto.

"Ndipo ndizichita apilo mwezi uliwonse," anatero Tatseka mofatsa, "mpaka mudzagone."

Bwana anaimirira, n'kukonza kukhosi, n'kuyankhula ndi mawu a mu ofesi.

"Lamulo likuti woyendera agone. Koma limalolanso kuti woyendera akalephera ntchito chifukwa cha thanzi, asankhe womugwirizira. Ine mutu ukundiwawa."

Anamasula tayi n'kuwaveka Alonda ali chigonere. Anatenga jekete n'kuwafunditsa pachifuwa, kabaji ka khonsolo kali pamwamba. Anabwerera m'mbuyo, n'kuwayang'anitsitsa, n'kuwaitana katatu konse kuti, "Bwana woyendera!" Yankho linali kamluzu kaja.

"Woyendera wagona," analengeza. "Phokoso palibe." Ananena zimenezi mokuwa, chifukwa kuseri kwa khoma wina anali atagwetsa kireti yonse ya mabotolo. Anadinda chidindo atatsamiritsa pepala pabondo la Alonda, n'kuthamangira minibasi ali m'malaya okha. Jekete anati adzatuma munthu.

Alonda anadzuka dzuwa litapendeka, maso oyera bwinobwino, n'kudabwa kupezeka ali ndi tayi pakhosi. Tatseka anali chikhalire pampando paja. Anawafotokozera zonse, osabisa kanthu.

"Ndiye kuti ndavomereza ndine?"

"Ndinu, achimwene. Munagwira ntchito yake bwino kwambiri."

Bambo uja anagwira tayi ija, n'kuisiya. Manyazi anawagwira, kenaka mantha.

"Nanga tsopano ine ndizitani usiku wonse, chemwali? Kale ukatseka ndinkangomvera mawotchi a anthu. Pano ndizimvera anthu akusangalala, ine ndili gone ngati mtembo?"

Tatseka anapita pamsomali paja n'kutsitsa chijasi cha ulonda. M'thumba mwake munali tochi ndi wezulo, ndipo atayesa tochiyo inayaka, mabatire ake anali atsopano. Munthu wopuma ntchito ankagulabe mabatire! Anatembenukira kwa achimwene ake.

"Anthu a ku fakitale ndi ambiri, ndipo sindikuwadziwa. Pakhomo panga palibe munthu. Ine ndekha sindingathe."

"Nanga kugona?"

"Masana, achimwene. Ngati kale."

Madzulo a tsiku loyamba la chilolezo chatsopano, basi ya ku fakitale inaima, anthu n'kusuzumira pawindo monga mwa masiku onse. Chitseko chinali chotsekula. Pambali pake panaima bambo wachikulire, chijasi chositidwa, tochi m'manja, pakhosi tayi ya khonsolo imene mwini wake sanaitumire munthu. Ankaunika aliyense kumaso ngakhale kunali kusanade, n'kumawauza mwaukali kuti alowe mwadongosolo, ndiponso kuti asasokose kwambiri chifukwa pafupi pano pamakhala anthu.

Tatseka atamva zimenezo ali kukauntala, anafuna kufunsa kuti anthu ake ati, poti nyumba yoyandikana ndi bala inali imodzi yokha ndipo mwini wake ndi amene anaima pakhomoyo. Koma ataona mmene achimwene ake anaimira, msana uli chilili ngati mnyamata, anangotseka pakamwa n'kuyamba kutsekula mabotolo.