Chipilala cha a Ezara

Nyundo inagwa pa chipilala Nelia akadali ndi tsache m'manja. Linali tsiku losesa, dzulo lake ataika amuna ake, a Ezara, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Mkaika.

Chipilalacho a Ezara anachiumba okha ndi simenti pakati pa bwalo. Pamwamba anamangapo telesikopu, chubu chachitali choonera nyenyezi, ndi kamera pambali pake. Anatha mwezi akuchiwongola kuti chiloze kum'mwera ndendende, munthu woti chitseko cha khitchini chinamukanika kukonza zaka zonsezi. M'chisanu cha mu Juni ankachezera pomwepo kujambula nyenyezi, mpaka chibayo chinawatenga.

"Ichi ndicho chadya achimwene," anatero Zikani, mng'ono wa malemuwo, amene anachokera ku Vubwi maso ali psu. "Inu alamu munkafunda bulangete m'nyumba, amuna anu akuzizidwa panja ngati galu."

"Alamu, ikani nyundoyo pansi," anatero Nelia.

Zikani anamenyanso, simenti n'kuthetheka. Patrick, mwana woyamba wa Nelia, anamulumphira pakhosi, awiriwo n'kugubuduzana m'phulusa la moto wa pamaliro. Zikani anamusinja pakamwa ndi mpini wa nyundo. Patrick analavula dzino ndi magazi, amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi n'kubalalika akukuwa. Zikani anadzuka, malaya ali ng'ambing'ambi, nakweza nyundo kulunjika chubu chenichenicho.

Nelia ankachida chinthucho. Ankachitcha mkazi wamng'ono wa a Ezara. Madzulo alionse iwo ankaitana, "Amake Patrick, tabwerani mudzaone," iye n'kuyankha kuti nyenyezi sizidyedwa. Sanasuzumiremo n'kamodzi komwe. Koma lero miyendo inamuthamangitsa yokha, nakumbatira chubucho ndi manja onse awiri.

Nyundo inatera pamkono pake. Fupa linamveka kuthyoka. Zikani anataya nyundo, nakhala pansi m'fumbi, nayamba kulira mokweza kuitana achimwene ake.

Ululu unamukwera Nelia mpaka m'mano, koma sanasiye. Ali chikumbatire choncho anaona kuti kagalasi kosuzumirapo kali pafupi ndi diso lake. A Ezara anali munthu wamtali, wogunda mutu pakhomo. Pachipilalapo ankachita kuwerama, m'mawa n'kumadandaula msana, Nelia n'kumawaseka kuti mphunzitsi wa masamu walephera kuyeza msinkhu wake womwe.

Apo m'pamene anakumbukira tsiku loumba chipilalacho. A Ezara anamuitana akutsuka mbale, namuimika pafupi ndi matabwa a chikombole, nalemba mzere ndi khala molingana ndi phewa lake. Iye anayesa ndi nthabwala zawo zija, nabwerera ku mbale zake.

"Amama, tiyeni kuchipatala," anatero Patrick, magazi akutsikira pachibwano.

"Dikira."

Ndi dzanja labwinolo Nelia anachotsa zivindikiro za chubucho. Sanawerame, sananyanyamphire. Anangoika diso. Kunali masana, munalibe kanthu koma kuyera kwa thambo, ndipo iye anapitiriza kuyang'ana.