Mchombo wa Lilly ku Girrawheen

Anthu amati juga ya ku Perth ili m'chinyumba chowala chija cha m'mbali mwa mtsinje. Bodza lenileni! Juga yeniyeni mzinda uno umatchova ndi miyala ya chitsulo ya m'migodi ya kumpoto. Aku China akamaigula mwaphuma, ngakhale wotsuka magalimoto amagula boti. Akangoleka, zikwangwani za banki zimamera m'makomo ngati bowa.

Immaculate, mayi wa kwaya ya Katolika, sanapondemo m'chinyumba chowalacho, koma juga inamudyabe. Mwamuna wake, a Malizani, ankayendetsa chigalimoto cha mumgodi, milungu iwiri kutchire, umodzi pakhomo. Mwana wawo Lilly anabadwa iwo ali pa lendi, ndipo mchombo utangogwa, amayi ake a Immaculate anaimba foni kuchokera ku Dedza.

"Mchombo wa mwana sakwirira pakhomo pa eni ake. Uusunge mpaka mudzapeze panu."

Kamchomboko kanakhala zaka ziwiri m'chitini cha maswiti, kokulungidwa m'kansalu, Immaculate osawapatsa mpata wopuma a Malizani pa zogula nyumba. Mu 2013, nyumba zitadula mochita kuopsa, anagula yawo ku Girrawheen. Tsiku lomwelo Immaculate anakumba kuseri, kukwirira kansaluko, n'kubzalapo mtengo wa mandimu.

Patapita zaka zinayi mgodi unachotsa anthu ntchito, a Malizani ali momwemo. Anayesa ganyu yonyamula makatoni a kabichi kumsika wa Canning Vale, koma banki sidziwa kabichi. Nyumba inalandidwa, banja n'kukapeza kafulati ka lendi ku Kwinana, komwe mphepo imanunkha mafuta. Za nyumbayo Immaculate anapirira. Chimene chinkamudya mtima ndi mchombo wa mwana wake, wotsala pakhomo pa anthu osawadziwa.

Loweruka la okushoni, tsiku logulitsa nyumbayo, anamanga chitenje n'kutenga khasu lake.

"Inu make Lilly, atimangitsatu anthu amenewa," anatero a Malizani, makiyi a galimoto ali kale m'manja. Amunawa ndi otero, pakamwa kukana, miyendo ikupita.

Anapeza ogula ali piringupiringu, kugogoda zipupa, kutsegula makabati a Immaculate ngati awo. Debbie, mayi amene ankagulitsa nyumbayo m'malo mwa banki, atangoona khasu anabwera chothamanga. Ananena mwaulemu kuti chilichonse chokhala ndi mizu chimagulitsidwa pamodzi ndi nyumba.

A Malizani, amene chichotsedwere ntchito ankayenda chowerama, tsiku limenelo anadzutsa mutu. Anafotokoza zonse m'Chingerezi chawo cha kumgodi, za chitini, za apongozi awo, za kansalu. Debbie anayang'ana wotchi.

"Mphindi makumi awiri," anatero. "Ine ndikhala kumaso kwa nyumba, sindinaone kanthu."

Dothi la Perth ndi mchenga wokhawokha, khasu limangolowa. Immaculate analiponya pambali n'kuyamba kufukula ndi manja. Anafukula mpaka m'zigongono. Kansalu kuti? Panali timizu tokhatokha topotana.

Apa ndiye analira, kulira kwenikweni, kumene sanalire tsiku la kalata ya banki.

"Ndautaya, bambo a Lilly. Ndine ndinakuumirizani kugula nyumbayi, lero nyumba palibe, mchombo palibe."

A Malizani anagwada pambali pake, buluku la kutchalitchi mumchenga. Anagwira timizu tija, nayang'ana m'mwamba momwe nthambi zinali zitawerama ndi zipatso.

"Sunatayike, mayi. Mtengowu wadya. Mukuyesa mandimu onsewa anenepa ndi chiyani? Mchenga uwu?"

Immaculate anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Inunso, a Malizani, mumandipha!"

Kumaso kwa nyumba wokuwa mitengo ya okushoni anali atayamba kale. Pamene alendo ankalimbirana nyumba yawo, awiriwa anali kalikiliki kuthyola mandimu n'kumaponya m'chitenje. Anatulukira kachipata kakumbali, Debbie akuyang'ana kwina mwadala.

Lero pakhonde la kafulati ku Kwinana pali ndowa yakale ya penti, yobooledwa pansi, ndipo m'menemo mwamera timitengo titatu tochokera ku nthangala za mandimu aja. Lilly amatithirira akaweruka kusukulu, akudandaula m'Chingerezi kuti ndowayo ndi yonyansa.

Agogo ake ataimba foni, funso linali limodzi. "Nanga mchombo wa mdzukulu wanga mwausiya kuti?"

Immaculate anayang'ana ndowa ija.

"Uli pakhomo pathu, Amayi. Ndipo akadzatisamutsanso, tidzangounyamula."