Malukidwe a Anti Jacqueline

Ine mutu wa munthu ndimaudziwa ndisanamve dzina lake. Ntchito yanga ndi yoluka tsitsi, ndili ndi kasaluni ku Limbe kuseri kwa mashopu a nsalu, ndipo mayi akangovula duku ndimadziwiratu ngati anamuluka ndi mlamu wake waulere kapena atsikana a mumsika aja amene amakoka ngati akuzula chinangwa. Woluka aliyense ali ndi dzanja lake, ndipo silibisika ngakhale atasintha sitayilo.

Mwana wanga Thandi ndimamuluka ndekha. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, wolongolola kuyambira m'mawa mpaka tulo, ndipo chibadwire palibe munthu wina amene anagwirapo mutu wake. Amuna anga a Yona amandiseka kuti tsitsi la mwana ndimalichitira nsanje kuposa iwowo. Ndimangoseka nawo.

Tsiku limene Thandi anabwera kuchokera kusukulu akudumphadumpha kuti amusankha kukaoneka pa TV, pa pulogalamu yotchedwa Ana a Loweruka, ndinakana asanamalize n'komwe kufotokoza. Mwana analira mpaka kukana chakudya. A Yona anandiyang'ana ngati ndasokonekera mutu.

"Amake Thandi, kodi mwatani? Inu nomwe simunkaoneka pa TV muli mwana? Amayi anu mpaka lero sasiya kukamba. Ndiye mwana wanu yekha asaoneke?"

Ankanena zoona. Ndili ndi zaka khumi ndinali mmodzi wa ana a Tidumphe Chingwe, pulogalamu imene kakampani kena kankajambula m'nyumba yosanja m'tauni n'kumagulitsa ku wailesi ya kanema. Nthawi imeneyo ma TV kwathu ku Nkolokosa anali owerengeka, ndiye ikamaonetsedwa anthu ankadzadza pabalaza pa aneba athu, ena pawindo, ndipo amayi ankakhala kutsogolo n'kumaloza ndi chala ngati ena onse alibe maso. Mwini pulogalamu anali Ankolo Kingsford, a chipewa chachikasu, amene ankaseka kaseko kawo kokokera mpweya m'kati, ana onse a mu Blantyre n'kumakatsanzira. Kuseri kwa kamera kunali Anti Jacqueline. Iwo ndi amene ankativeka, kutipukuta mamina ndi kutigawira mabisiketi.

Loweruka lina ndi lina Anti ankaitana mtsikana mmodzi, kumukhazika pakati pa miyendo yawo, kumasula zimene amayi ake amuluka n'kumuluka zawo. Tonse tinkasirira. Wolukidwayo sabata yotsatira ankaima pafupi ndi Ankolo kutsogolo kwa kamera, ndipo kujambula kukatha ankatsala kuti akaphunzire mawu m'chipinda chapamwamba. Tsiku langa litafika ndinanyada kwambiri. Anti anandikweza masitepe atandigwira dzanja, anatseka chitseko, iwo n'kutsika. Zimene Ankolo anandichita mmenemo sindizifotokoza. Ndinali mwana, iwo anali bambo wamkulu, ndipo anandichita zimene wamkulu sayenera kuchita kwa mwana. Pambuyo pake Anti anandisukusula kumaso, anandikweza minibasi, n'kundiuza kuti mwana wabwino sakamba za kuntchito kunyumba. Ndinakhaladi mwana wabwino. Pulogalamu ija inadzangotha mwadzidzidzi, anthu n'kumati Ankolo apita ku Joni.

Mpaka lero ndikamva ana akudumpha chingwe pamsewu, ndimasintha njira. Mwina n'chifukwa chakenso ndinaphunzira kuluka, kuti mutu wanga asadzaugwirenso munthu.

Zonsezi a Yona sankazidziwa, ndiye ndikanawayankha chiyani? Ndinakhala pansi n'kuonera Ana a Loweruka kuyambira poyamba mpaka mayina a kumapeto. Woyendetsa pulogalamuyo anali kamtsikana ka magalasi, kongotsiriza kumene sukulu. Dzina la Kingsford silinaoneke. Ndinadziuza kuti zanga zinapita kalekale, ndisamulange mwana chifukwa cha mizimu yanga. Ndinavomera.

Loweruka loyamba ndinamuperekeza ndekha. Inali nyumba yampanda ku Namiwawa, ndipo mlonda anandiimitsa pageti mwaulemu wake wonse, akuti makolo salowa chifukwa amasokoneza ana. Panali azimayi ena atatsamira mpanda, palibe amene ankaona chachilendo. Loweruka ku saluni ndi tsiku la akwati ndi aperekezi awo, ndiye tinagwirizana kuti ine ndizimusiya m'mawa, a Yona azikamutenga masana. Masabata angapo anadutsa. Thandi ankabwera ndi nyimbo zatsopano zoboola m'makutu, ine n'kumamuunguza kumaso, osapeza kanthu.

Kenako linafika Loweruka lija. Ndinali pakati poluka mayi wina wa ku Kanjedza pamene a Yona analowa naye mwana. Thandi anaima pakati pa saluni n'kuzungulira kuti aliyense amuone.

M'mawa ndinali nditamuluka mizere yolunjika kumbuyo. Tsopano mizere inkayambira pakhutu lakumanja, yonse yopendekera kumanzere, n'kukakumana pankhongo, ndipo womaliza anaumanga ndi kaulusi kofiira kobisika pansi. Ndi malukidwe a munthu wamanzere, amene amafinya poyambira n'kumasula dzanja pomaliza. Mitu imene yadutsa m'manja mwanga ndi yosawerengeka, koma dzanja limenelo sindinaliiwale chilionereni pamutu wanga womwe, pagalasi la amayi ku Nkolokosa.

Chipeso chinagwa. Mayi wa ku Kanjedza uja anafunsa ngati ndadwala. Ndinamusiyira mtsikana wanga wantchito n'kumukokera Thandi kuchipinda chosungira matawulo.

"Wakuluka ndani?"

"Anti a zovala. Ndi agogo ndithu, koma amati tiziwatchula Anti. Anti Jacqueline. Mami, mukundipweteka dzanja."

Ndinamusiya dzanja. "Anati chiyani pokuluka?"

"Anati sabata yamawa ndiima kutsogolo. Kenako nditsala kuti a Bwana andiphunzitse mawu."

"A Bwana ake ati?"

"Eni ake a pulogalamu. Iwo sabwera pa kamera, amangokhala m'mwamba, amationera pawindo. Ndi oseketsa, Mami. Amaseka chonchi."

Ndipo mwana wanga, amene ndinamubereka ndekha, anakokera mpweya m'kati n'kuseka kaseko kaja. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chikhalire. Zinali ngati munthu uja walowa m'kachipindamo n'kuima pakati pa ine ndi mwana.

"M'mwambamo unakwerako?"

"Ayi. Ndanena kuti ndi sabata yamawa."

"Usandinamize, Thandi."

"Sindinakwereko! Bwanji kodi?"

Ndinamuyang'ana m'maso ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Maso ake anali akadali ake. Ndinakhala pa ndowa yovundikira, ndinamukhazika pansi n'kuyamba kumasula. Analira, anapalapata, akuti Anti anena kuti asamasule mpaka ajambule, akuti ndine mayi wankhanza, wanjiru. Ndinangomusiya anene.

A Yona anaima pakhomo. "Amake Thandi, mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu. Chavuta n'chiyani?"

Ndinatuluka nawo kuseri, pamene timataya madzi a shampu. Mawu amene ndinawasunga zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndi ambiri, koma anatha msanga. A Yona anavula kapu, anaiyang'ana, anaivalanso. Kenako anati akupita ku Namiwawa pompano, ndipo mmene ananenera ndinadziwa kuti sakupita kukakambirana.

"Mukapita mukamangidwa ndinu, iye n'kudzapitanso ku Joni," ndinatero. "Khalani ndi mwana."

Titabwerera m'kati tinapeza Thandi atakwinya nkhope, tsitsi lili nyankhalala mbali imodzi.

"Alefa amayi ake sanamumasule," anatero mong'ung'udza. "N'chifukwa chake iye anaima kutsogolo."

"Alefa ndani?"

"Mnzanga wa ku Chirimba. Anamuluka, sabata yatha anaimba pafupi ndi kamera, anatsala. Lero sanabwere, ndiye Anti aitana ine."

Ndinene zoona, choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti wanga wapulumuka, enawo ali ndi amayi awo. Ndikanatha kumaliza kumasula, kumugulira Thandi chipisi kuti aiwale, Loweruka lotsatira n'kungonena kuti wadwala malungo. Maganizo amenewo ndinakhala nawo ndithu kwa kanthawi, ndipo anali okoma. Koma ndinamva pakamwa panga pakufunsa kuti amayi a Alefa amapezeka pati. Thandi anati amagulitsa kaunjika pafupi ndi msika wa Chirimba, ndi aatali, ali ndi mpata m'mano.

Ndinakwera minibasi ya ku Blantyre, kenako ya ku Chirimba. Njira yonse kondakitala ankakangana ndi bambo wina za thumba la makala, ine n'kumayeseza zokanena, koma palibe chiganizo chimene chinkafika kumapeto. Pamsika azimayi a kaunjika anandiuza kuti amake Alefa aweruka msanga, n'kundilozera kanjira kodutsa pa mjigo.

Ndinawapeza akuchapa pabwalo. Nditangonena kuti ndine mayi wa Thandi wa ku TV, anapukuta manja pachitenje n'kundiyalira mkeka ngati m'bale.

"Mwachita bwino kubwera, asisi, mwina mundithandiza. Mwana ameneyu wandisowetsa mtendere. Mwayi umene ena amaupempherera, iye akuti sapitanso. Kudya sakudya, kusamba mpaka ndimukalipire. Ndiye watulukira khalidwe lozula tsitsi. Anti ake ananena kuti lisamasulidwe mpaka amalize kujambula, koma ndikangotembenuka, zala zili m'mutu. Ndamumenya manja mpaka ndatopa. Alefa! Bwera udzapereke moni."

Anatuluka kamtsikana kowonda, katavala juzi kunja kukutentha chonchija. Anagwada patali, moni wake sunamveke. Mizere inali yomwe ija, yopendekera kumanzere, koma itayamba kufutukuka, ndipo pamwamba pa khutu panali kadazi pamene tsitsi linazuka ndi mizu yomwe. Sanandiyang'ane. Ankayang'ana pakhomo la mpanda, kuona ngati ndabwera ndekha.

"Amake Alefa, ine ntchito yanga ndi yoluka," ndinatero. "Ndibwerekeni chipeso."

"Koma Anti ake anati..."

"Ndikudziwa zimene ananena. Ndibwerekeni."

Anandiyang'ana modabwa, koma analowa m'nyumba n'kubwera nacho. Ndinasendera pafupi ndi mwanayo, osamukhudza.

"Alefa, ukufuna ndikumasule? Ukakana sindikugwira."

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundipatsa nkhongo.

Ndinayamba ndi mzere wam'munsi. Khosi lake linali louma gwa, mapewa atakwera mpaka m'makutu. Amayi ake anabwerera pa beseni lawo koma sankachapanso, ankangotiyang'ana. Nditamasula mizere iwiri ndinadziwa kuti ndikadikira mawu abwino ndifika kumapeto kwa mutu ndisananene kanthu.

"Inenso Anti Jacqueline anandiluka chonchi," ndinatero, mokweza kuti amayi ake amve. "Ndinali ndi zaka khumi. Inenso ndinaima kutsogolo, anzanga atapita ndinatsala. Anandikweza m'chipinda chapamwamba kwa bambo yemwe uja, mwini pulogalamu. Zimene anandichita zinali zoipa, ndipo wolakwa sindinali ine."

Mwana uja anatembenuka, tsitsi n'kupulumuka m'zala zanga, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana kumaso. Anandiyang'ana ndolo, chikwama, nsapato, ngati akufuna kuona kuti munthu wotere amakula n'kukhala wotani.

"Ndiye inu munauza ndani?" anafunsa.

Funso limenelo palibe anandifunsapo, ndipo linandipweteka kuposa mmene ndingafotokozere. Pakati pa mutu wanga ndi wake panadutsa mitu ingati, sindidzadziwa.

"Palibe," ndinayankha. "Ndinkaopa. Lero ndauza amuna anga, pano ndikuuza amayi ako. Tikachoka pano ndikukauza apolisi, ndipo iwe sukakhala wekha."

Amake Alefa anali ataimirira, malaya onyowa ali m'manja, madzi akudontha pamapazi. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana timanja take tija. Malaya anagwera m'dothi. Anakhala pansi pomwepo pamatope.

"Alefa," anatero ndi mawu ang'onoang'ono. "Mwanangu. Akunena chiyani mayiwa?"

Alefa anatembenukanso n'kundipatsa nkhongo, anapapasa kumbuyo mpaka anapeza dzanja langa, n'kuliika pamutu pake.

"Malizani kaye," anatero.